Khasu ndi Mpando: Zimene Tsamba la Fodya Litiphunzitsa za Ulamuliro ndi Chuma

Munthu amene adaimapo m'nyumba yaikulu ya okushoni ku Kanengo m'nyengo yogulitsa fodya, pamene mabelo andandalikidwa m'mizere kufikira kumene diso lilekeza, ndipo ogula akuyenda m'mbali mwake mosafulumira, uyu kusolola ndindi, kuinunkhiza, kuitambasula ndi kuibwezera pamwamba pa belo, adziwa kuti ntchito imene mlimi adaiyamba mu Seputembala pofesa nazale, naipitiriza pothirira m'mawa ndi madzulo, pookera ndi mvula yoyamba, pothyola, posoka, popachika m'chigafa, posankha ndi podinda, imaweruzidwa m'kanthawi kochepa koposa kamene munthu amwera chikho cha madzi. Pambuyo pake mlimiyo amalandira pepala limene alimi amalitcha seloshiti, ndipo akaliyang'ana kuchokera pamwamba kutsikira pansi amaona ndalama yake ikuphwa ngati dziwe la m'chilimwe: apa achotsa ya msonkho, apa ya okushoni, apa ya galimoto, apa ya bungwe, apa ya ngongole ya feteleza. Makolo athu, amene adadziwa fodya asanadziwe pepala, adanena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Funso limene ndifuna kuti tilisinkhesinkhe pamodzi ndi ili: kodi mphepo imene imaulutsa fodya wa pachala imachokera kuti? Mvula ndi ya Chauta, nthaka nayo tidaipeza. Koma kuti ndani aloledwe kulima mbewu yakutiyakuti, pamunda wa yani, akagulitse kuti, kwa yani, ndi kuti pamtengo wake pachotsedwe zingati, zimenezi sizigwa kumwamba ngati matalala. Amazikonza ndi anthu okhala pamipando: mafumu, abwanamkubwa, nduna, aphungu, oweruza ndi mabungwe amene iwo akhazikitsa. Ndipo mbiri ya dziko lathu, tikaiwerenga mofatsa, itionetsa chinthu chachiwiri, chakuti monga mpando uweruza khasu, khasunso pomaliza limaweruza mpando. Pakuti chuma chimene lamulo lachiunjika m'manja mwa anthu owerengeka chimawalimbitsa kwa kanthawi, koma njala ndi mkwiyo wa olandidwa zimadya miyendo ya mpandowo monga chiswe chidya nsanamira, mosaoneka, kufikira tsiku limene denga ligwa.

Mnyanga wa pansi

Tiyambe ndi kale, fodya asanakhale chuma cha dziko. M'zaka za m'ma 1600, pamene ufumu wa Maravi udali pachimake, Kalonga adali kukhala ku Manthimba, pafupi ndi Mankhamba, kunsi kwa mapiri a Dedza, ndipo mbiri yake idamveka kufikira kwa Apwitikizi a ku Tete ndi ku Sena. Mlenje akapha njovu, mnyanga umene wakhudza pansi udali wa mwini dziko, ndipo udali kuyenda kuchoka kwa nyakwawa kupita kwa mfumu, kuchoka kwa mfumu kukafika kwa Kalonga, kwa Undi kapena kwa Lundu, pamodzi ndi mitulo ina monga zikopa za nyalugwe ndi za mkango, makasu ndi chakudya. Ndi minyanga imeneyo mfumu yaikulu idali kugula nsalu ndi mikanda kwa amalonda ochokera kunyanja ya mchere, niigawira mafumu aang'ono. Ndipo iwo, podziwa kuti kupatsa n'kuika, adali kutulabe mitulo chaka ndi chaka. Kalongayo sadali kulamulira yekha. Iye adali wa fuko la Phiri, koma mkazi wake wamkulu, Mwali, adali kuchokera kwa a Banda. Nduna zake zidali ndi mawu pamilandu. Ndipo za mvula zidali m'manja mwa Makewana ku Msinja, kumene mkondo wa mfumu sudali kulamula.

Sindikunena kuti masiku amenewo adali a mtendere wokhawokha, pakuti nkhondo zidalipo, ukapolo nawo udalipo. Chimene ndikunena n'chakuti malonda adamanga ufumuwo, ndipo malonda omwewo, atasintha njira, adaugumula. Pamene amalonda a Chiyao, Abisa ndi Achikunda adayamba kulambalala likulu ndi kukapangana okha ndi mafumu aang'ono, kuwapatsa nsalu, kenaka mfuti ndi onga, mnyanga udaleka kudzera m'manja mwa Kalonga. Posowa chogawa adasowanso omutulira. Ndipo pamene malondawo adatembenukira kwa anthu, Angoni nafikanso ndi zishango zawo, padalibe mpando wolimba woti n'kutchinjiriza mudzi. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima thonje, akuwomba nsalu ndi kusula makasu. Koma zisanathe zaka zisanu, nkhondo za ogwira akapolo pamodzi ndi chilala cha mu 1862 ndi 1863 zidasiya midzi yambiri ya kumeneko ili mabwinja. Luso lidalipo, nthaka idalipo; chimene chidasowa ndi mphamvu yoteteza wolima kuti adye zimene walima.

Mwezi wosatha wa thangata

Mu 1891 dziko lino lidalowa m'manja mwa Britain, ndipo Harry Johnston, amene adatumidwa kudzakhazikitsa boma, adapeza Azungu ena atatenga kale malo aakulu kwa mafumu powapatsa nsalu, mikanda ndi mfuti. Mafumuwo adali kuyesa kuti akulandira alendo monga mwa mwambo, pakuti kwa ife nthaka idali ya makolo ndi ya ana osabadwa, yosagulitsika. Koma Johnston adapatsa Azunguwo zikalata zotchedwa Certificates of Claim, ndipo ndi zikalata zimenezo maekala oposa 3.5 miliyoni adasanduka a eni owerengeka, kuphatikizapo nthaka yachonde koposa ya ku mapiri a Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje.

Komatu munda wopanda manja ndi tchire chabe, ndipo munthu amene nkhokwe yake ili yodzaza sasiya munda wake kukalimira wina. Apa ndi pamene boma lidabwereka mwini esiteti dzanja lake. Lidaika msonkho wa nyumba. Ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 lidalamula kuti amene wagwirira Mzungu ntchito mwezi umodzi alipire masheleni 3, koma amene wakhala pamunda wake alipire 6. Chotero kulima kwako kudasanduka ngati mlandu wolipitsa, ndipo kulimira mlendo kudasanduka njira yopepuzira mlanduwo.

Mawu akuti thangata adali mawu okoma m'chinenero chathu. Kuthangata ndiko kuthandiza mnzako amene ntchito yamukulira, monga anthu achitira pa dima, pamene mudzi wonse ulima munda wa mmodzi, madzulo n'kukhala pansi kumwa thobwa kapena mowa. Koma pamaesiteti mawuwa adavala nkhope ina. Wokhala pamalo a Mzungu, makamaka abale athu Alomwe amene adali kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique ndipo adalibe nthaka yoitcha yawo, adayenera kugwira mwezi umodzi wolipira malo, mwezi winanso wolipira msonkho. Tsono mwezi wa paesiteti sudali kuwerengedwa ndi mwezi wa kumwamba koma ndi tikiti. Ndipo kapitawo sadali kulemba tsiku patikitipo ngati munthu sadamalize mgwazo wake, kotero kuti mwezi umodzi udali kutalika kufikira masabata 6 kapena kuposa. Ntchitoyonso idali kufunika m'dzinja, nthawi yomweyo imene chimanga cha mwini wake chidali kulira khasu lopalira. Ndipo bambo amene adataya dzinja m'munda wa thonje wa bwana adali kukolola zochepa kwake, n'kubwereranso kwa bwanayo kukapempha ntchito kuti apeze chakudya.

Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce imene woyang'anira wake adali William Jervis Livingstone, miyezi iwiriyo idali kufika isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo timatchalitchi timene anthu a John Chilembwe adamanga pamalopo tidatenthedwa. Nanga n'chifukwa chiyani lamulo silidawateteze? Yankho lili m'nyumba imene malamulo adali kupangidwira. Pamene dzikoli lidatchedwa Nyasaland mu 1907, ku Zomba kudakhazikitsidwa bungwe lopanga malamulo, ndipo m'menemo mudakhala akuluakulu a boma, oimira eni maesiteti ndi amalonda, ndi mmishonale mmodzi amene ankati ndiye wolankhulira anthu akuda. Munthu wakuda sadakhalemo kufikira 1949. Anthu atasowa bwalo lokadandaulako, usiku wa pa 23 Januwale 1915 adanyamula mikondo. Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale, ndipo ngakhale ofufuza a boma adavomereza pambuyo pake kuti pa esitetiyo padali nkhanza, thangata adakhalabe zaka zina zoposa 40, pakuti odya phindu lake ndiwo adali pamipando yoti n'kumuthetsa. Koma mlandu suwola: mu 1953 mkwiyo womwewo udabukanso ku Thyolo ndi madera oyandikana nawo, ndipo anthu 11 adataya miyoyo yawo.

Chikopa cha ku Lilongwe

Tsono tikwere ku chigwa cha Lilongwe, kumene kudachitika chinthu choyenera kukumbukiridwa ndi aliyense amene adamvapo wina akunena kuti Mmalawi ndi wosauka chifukwa cha ulesi. Cha m'ma 1920 Mzungu wina dzina lake A. F. Barron, amene adatsegula esiteti ku Mbabzi, adayamba kulimbikitsa anthu a m'midzi yomuzungulira kuti alime m'minda yawo fodya wofukiza ndi utsi, amene timamutcha chikopa, iye n'kudzagula masambawo. Padalibe chikoti, padalibe mesenjala. Padali mtengo chabe. Ndipo taonani, alimi a fodya m'chigawocho, amene adali pafupifupi 900 mu 1923, adafika pa 33,000 mu 1927. Mabanja adamanga mabalani a mitengo ndi matope, adaphunzira kusonkha moto wofuka wosayaka, ndipo ndi ndalama ya chikopa adalipira msonkho osapita ku Halale, adagula njinga ndi nsalu, natumiza ana kusukulu za mishoni.

Chimene chidakondweretsa mudzi chidadetsa nkhawa eni maesiteti, pakuti munthu amene fodya wake akumulipirira msonkho sabweranso kudzapempha tikiti, ndiponso fodya wa m'midzi adayamba kupikisana ndi wawo. Mu 1926 boma lidakhazikitsa bungwe lotchedwa Native Tobacco Board, m'mene mudakhala akuluakulu a boma ndi Azungu olima fodya, osakhalamo ngakhale mlimi mmodzi wa m'mudzi. Tisabise chabwino chimene bungweli lidachita: alangizi ake adaphunzitsa anthu kasamalidwe ka nazale ndi kafukizidwe koyenera. Koma bungwe lomwelo lidalamula kuti wolima aliyense alembetse, lidaika malire a kukula kwa munda, lidazula fodya wopitirira malirewo, lidachepetsa misika kotero kuti anthu adali kusenza mitolo mtunda wautali, ndipo lidadya msonkho pa paundi iliyonse. Mitengo itagwa mu 1937 alimi adachita chipolowe m'misika. Ndipo kuyambira 1938, pamene okushoni idatsegulidwa ku Limbe, bungwelo lidakhala wogula yekhayo wa fodya wa m'midzi, kugula motchipa kumudzi, kukagulitsa modula ku okushoni, phindu la pakati n'kusunga. Akuluakulu adati wopusa adaimba ng'oma, wochenjera navina. Kungoti pano woimba ng'omayo sadali wopusa ayi, koma lamulo lidamuletsa kulowa m'bwalo.

Njira yomweyo idafika pa chimanga mu 1947, kenaka pa thonje, ndipo mu 1956 mabungwewo adaphatikizidwa kukhala limodzi. Pamwamba pa zimenezi padadza malamulo amene anthu adawatcha malimidwe, okakamiza kupanga mizere ndi migula pa tsiku loikika, olephera n'kulipitsidwa, kuzuliridwa mbewu kapena kumangidwa. Kuteteza nthaka ku kukokoloka kudali nzeru ndithu, koma nzeru yodza ndi unyolo imanyansa. N'chifukwa chake pamene a chipani cha Congress adayamba kutsutsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chidakhazikitsidwa mu 1953, sadavutike kufotokozera mlimi tanthauzo la ufulu. Mlimiyo adali ataliphunzira kale pa sikelo ndi pa mgula. Boma la atsamunda lidamanga atsogoleri pa 3 Malichi 1959, koma pachisankho cha mu 1961 lidagonja, ndipo apa khasu lidaweruza mpando poyera.

Madzi saiwala khwawa

Zoyamba za ufulu zidali zokoma. Dr. Hastings Kamuzu Banda, atakhala nduna yoona za ulimi mu 1961, adathetsa kukakamiza kwa malimidwe. Thangata adathetsedwa mu 1962. Ndipo pa 6 Julayi 1964 mbendera yathu idakwera. M'zaka zotsatira mudamangidwa yunivesite, misewu, njanji ya ku Nacala ndi likulu latsopano la Lilongwe. Bungwe la ADMARC, limene lidabadwa mu 1971 polowa m'malo mwa mabungwe akale aja, lidafikitsa misika pafupi ndi midzi, ndipo mlimi wa ku Chitipa adali kugula mbewu ndi feteleza pamtengo womwewo umene adali kugulira wa ku Nsanje. Amene akana zimenezi akana choonadi.

Koma madzi saiwala khwawa. Nyumba imene atsamunda adamanga yosonkhanitsira thukuta la mlimi siidagumulidwe, idangosintha mwini. Lamulo la Special Crops Act lidasungira maesiteti fodya wa bale ndi wa fuluu, amene ndiye adali wa ndalama zambiri, ndipo maesitetiwo adali kugulitsa okha ku okushoni. Mlimi wa pamalo a mfumu adaloledwa chikopa ndi mitundu ina yochepa mtengo, ndipo ngakhale imeneyo, pamodzi ndi thonje ndi mtedza, adayenera kuigulitsa ku ADMARC pamtengo woikidwa ndi boma, wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene bungwelo lidali kulandira. Phindu la pakatilo lidakongozedwa ndi kuikidwa m'maesiteti ndi m'makampani, makamaka a Press, amene mwini wake adali mtsogoleri wa dziko. Lamulo la malo la mu 1965 lidapatsa nduna mphamvu yodula malo a mafumu ndi kuwapereka pa lizi. Ndipo maesiteti, amene adali 229 mu 1970, adapitirira 14,000 pofika 1989. Aakuluakulu mwa iwo adali a nduna, a akuluakulu a chipani ndi a m'boma. Ambiri a pambuyo pake adali aang'ono, a alimi ochenjera amene adalembetsa minda ya makolo awo kuti apeze chiphaso cha bale.

Nanga manja olima maesiteti amenewa adachokera kuti? Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, niipha Amalawi 74 obwerera kuchokera kumigodi ya ku Joni, ndipo boma lidaimitsa ulendo wa kumigodi. Amuna zikwizikwi adabwerera kumudzi kudzafuna pogwira. Ndiponso kuchokera ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, kumene nthaka idali itachepa kuyambira masiku a zikalata zija, mabanja adakwera malole kupita ku Kasungu, Mchinji, Mzimba ndi Rumphi kukakhala matenanti. Tenanti adali kulandira chimanga cha phoso, feteleza ndi khasu pa ngongole, kulima chaka chonse pamodzi ndi mkazi ndi ana, n'kugulitsa fodyayo kwa mwini esiteti pamtengo wa mwini esitetiyo. Ndipo ngongole itachotsedwa, ena adali kutsala ndi ndalama yosakwanira ngakhale ulendo wobwerera kwawo. Adzukulu a anthu a thangata adapezanso thangata, atasintha dzina.

Tikafunsa chifukwa chimene zinthu zotere zidakhalira zaka zambiri osatsutsidwa, yankho ndi lomwe lija la mu 1907: padalibe bwalo. Nduna zimene zidayesa kutsutsa mu 1964 zidachotsedwa ndi kuthawa. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi. Mu 1971 mtsogoleri adakhala wamuyaya. Ndipo mayi wopita kukagulitsa mtedza adali kuyamba waonetsa khadi la chipani pachipata cha msika. Apa tione bwino m'mene chuma chidali kubwezera mphamvu kumpando: lizi, chiphaso cha fodya ndi ngongole ya kubanki zidali zingwe zomangira anthu otchuka kwa wolamulira, pakuti amene wapatsidwa esiteti lero adziwa kuti akatsegula pakamwa mawa ailandidwa.

Bwalo la Atswana

Popeza tatchula Francistown, tiime pang'ono m'dzikolo, pakuti limatiphunzitsa kuti khwawa lingathe kukumbidwa lina. Botswana nayo idali pansi pa Britain, nayo idali kutumiza ana ake ku Joni, ndipo polandira ufulu mu 1966 idali ndi msewu wa phula wa makilomita pafupifupi 12 basi. Koma Atswana adali atasunga bwalo lawo lotchedwa kgotla, m'mene mfumu iyenera kukhala pansi ndi kumva anthu isanagamule. Ndipo mu 1895 mafumu awo atatu, Khama, Sebele ndi Bathoen, adapita okha ku London kukakana kuti dziko lawo liperekedwe ku kampani ya Cecil Rhodes. Miyala ya dayamondi itapezeka ku Orapa mu 1967, m'dera la fuko la mtsogoleri wa dzikolo, Seretse Khama, mwini wake, lamulo lidaika chuma chonse cha pansi pa nthaka m'manja mwa dziko, osati mwa fuko limodzi kapena munthu mmodzi. Ndalama zake zidadzera m'Nyumba ya Malamulo, nizimanga misewu, sukulu, zipatala ndi zitsime. Ndipo zisankho zidachitika m'nthawi yake osadumpha. Nakonso kuli osauka ndi osowa ntchito, ndipo kudalira mwala umodzi kuli ndi ngozi zake. Koma maiko ena adapeza miyala yomweyo n'kukolola nkhondo. Chidasiyanitsa si mwala ayi, koma bwalo limene lidali kuyang'anira mwalawo.

Nyali

Buku Lopatulika litisimbira za mfumu ija, mwana wa Solomo, imene anthu adaipempha kuti ipepuze goli, iyo nikana uphungu wa akulu, ndipo mafuko khumi adaichokera. Goli la mlimi wa kuno lidayamba kuthetsa mphamvu mwini golilo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mafuta adakwera mtengo, nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, maesiteti ambiri adalephera kubweza ngongole, ndipo midzi, imene idakamidwa kwa zaka zambiri, idalibe mphamvu yonyamula dziko. Boma lidapita kukakongola ku World Bank, okongozawo naika mfundo zawo. Mu 1987 amalonda wamba adaloledwa kugula mbewu, ndipo mu 1990 alimi ang'onoang'ono owerengeka adapatsidwa kota ya bale.

Chaka cha 1992 chidadza ndi chilala choopsa. Pa 8 Malichi m'matchalitchi a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi, imene idanena poyera za phompho la pakati pa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a antchito ndi za kusowa kwa ufulu wolankhula. Mu Meyi antchito a pafakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre adanyanyala ntchito, moto nufalikira mumzinda, ndipo maiko othandiza adaimitsa chithandizo chawo. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 dziko lidasankha boma latsopano. Mlimi atangokhala mwini voti, chiletso cha bale chidachotsedwa. Ndipo zisanathe zaka za m'ma 1990, gawo lalikulu la fodya wa bale lidali kuchokera m'zigafa za m'midzi. Malata amene adayamba kung'anima m'midzi ya ku Dowa, Kasungu ndi Rumphi m'zaka zimenezo adali umboni wakuti zimene zidachitika ku Lilongwe mu 1927 sizidali zangozi: mukamutsegulira khomo mlimi wa dziko lino, salinda kuitanidwa kawiri.

Mawu kwa owerenga

Tisadzinyenge kuti ulendo udathera pomwepo. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chidagulitsidwa njala ya mu 2002 ili pakhomo. Mu 2013 kudaululika kubedwa kwa ndalama za boma ku likulu. Ogula fodya ndi owerengeka pamene ogulitsa ndi zikwi mazana. Ndipo mlimi wa chimanga, soya ndi nandolo amakumanabe ndi sikelo ya venda ndi ziletso zogulitsa kunja zimene zimadza ndi kuchoka iye osafunsidwa. Komanso tisanyoze zimene tapata. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza athu adafafaniza chisankho cha mtsogoleri wa dziko nalamula kuti chichitikenso, ndipo chidachitikadi. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idaletsa ntchito ya utenanti, ngakhale kuti kulemba lamulo ndi kwina, kulifikitsa pa esiteti ndi kwinanso. Bwalo limene anthu a ku Magomero adalisowa, ife tili nalo.

Lero fodya akuchepa mphamvu pamisika ya dziko lapansi, ndipo maso a ambiri atembenukira ku miyala ya pansi pa nthaka, ya ku Kayelekera, ya ku Kangankunde, ndi ya ku Kasiya, m'chigwa chomwe chija cha chikopa. Mbewu isintha, mwala usintha, koma mafunso ndi omwe aja a kuyambira pa mnyanga wa njovu: malo ndi a yani, wololedwa kukumba kapena kulima ndani, mtengo auika ndani, phindu la pakati likupita kuti, ndipo wolakwiridwa akadandaule kwa yani? Amene ali pamipando akumbukire kuti ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, pakuti Kalonga, bwanamkubwa ndi chipani chimodzi onse adali amphamvu m'masiku awo, ndipo onse adatsika pamene wolima adaleka kuona phindu la kuwasenza.

Ndipo inu owerenga, amene mwina bambo wanu adali tenanti kapena agogo anu adagwira thangata, musayese kuti za malamulo ndi za ophunzira okha. Werengani seloshiti yanu mzere ndi mzere, ndipo funsani za ndalama iliyonse yochotsedwa. Lowani m'kalabu kapena m'kopaletivi, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mukamva kuti malo a m'mudzi mwanu akuperekedwa pa lizi, pitani kubwalo la mfumu mukamve ndi makutu anu, ndipo pemphani kuti pepala liwerengedwe pamaso pa onse. Phungu akadza kudzapempha voti, musamufunse za nsalu ndi ndalama za m'manja. Mufunseni lamulo limene adzaimirira pa malo, pa misika ndi pa migodi, ndipo zaka zisanu zikatha mukumbutseni. Makolo athu adalima molimbika nakhala osauka chifukwa adalibe mawu pamene mtengo wa thukuta lawo udali kuikidwa. Ife mawuwo tili nawo. Tiwagwiritse ntchito monga tigwiritsira khasu, m'mawa uliwonse, osatopa.